Mbali Imene Ajaji Sankayang'ana

Achemwali,

ndiye nesi uja anangolowetsa dzanja m'chikwama changa, n'kutulutsa makina anga ometera, n'kukawatsekera m'kabati ngati walanda mfuti. Ndinamuuza kuti mayi inu, manja awa ameta mitu yambiri kuposa matako amene mwabaya jakisoni chiyambireni ntchito, ndiye ana anga enieni, tsiku lalikulu la opaleshoni, akametedwe ndi munthu wosadziwa n'kugwira chipeso komwe? Iye anati kuno sitimeta masitayilo, bambo, khalani pansi. Ndinakhala. Osati kuti ndinachita mantha, ayi, miyendo ndi imene inatopa.

Aa, taonani, ndakuyambirani pakati. Tsamba loyamba ndalithira tiyi, moni yense wamira momwemo, ndipo pepala lina ndilibe. Landirani moni pompano. Muli bwanji kumeneko? Bondo lija likukulolani kukwera masitepe, kapena akumakunyamulani ngati katundu? Alamu anga akadagonabe pampando, TV ikudzilankhulira yokha? Ana akukula? Ife kuno tilipo. Ndinu azakhali a ana awiri tsopano, aliyense bedi lake, pilo wake, mutu wake. Zoti opaleshoni inatheka munamva kale pafoni. Zimene simunamve ndi izi, ndipo ndasankha kulemba chifukwa pafoni mumandidula mawu ndisanafike pamene pagona nkhani.

Poti simunabwere kudzaona ndi maso, ndikufotokozereni. Mapasa athu anabadwa mitu italumikizana pamwamba, paliwombo penipeni. Ankagona chagada pabedi lalitali, wina miyendo kuloza uku, wina kuloza uko, ngati mabasi awiri ogundana. Miyezi khumi ndi umodzi akumvana mawu okha, nkhope osaonana. Mutu sakanatha kutembenuza, chinkayenda ndi maso basi. Mmodzi tinamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa, wotengera ine. Winayo ndi Ajaji, chifukwa akakuyang'ana umayamba kukumbukira milandu yako yonse.

Bedi limenelo linali ndi mbali ziwiri. Mbali ya kukhomo kunali mpando wabwino, wokhala ndi poika manja. Umenewo unali wanga, poti bambo wa nyumba amakhala kukhomo, amaona olowa ndi otuluka, amapereka moni kwa madokotala. Mbali ya kuwindo kunali kampata kopanikiza ndi kasitulu. Mimba yangayi, imene ndi ulemu wa banja lathu lonse, siinkakwanamo. Kumeneko kunkakhala mayi a mapasa, ndipo akatuluka kunkakhala achimwene awo, mlamu wanga telala uja. Mukumukumbuka, woonda uja, amene ndinamutcha Singano pa ukwati wathu.

Wailesi ankandikonda, zimenezo palibe angatsutse. Ndikangolowa, miyendo m'mwamba, phokoso mpaka kumalo oimika magalimoto. Koma Ajaji, achemwali, Ajaji sankandiyang'ana. Ndinaimba. Ndinavina. Ndinavala malaya ofiira aja amene amaimitsa magalimoto pamsewu. Ndinabweretsa galasi la kuntchito n'kumaliwalitsa. Mwana maso ali kudenga, ngati pampandopo pakhala thumba la simenti.

Ndiye Singano alowe. Munthu wosalankhula, nkhope ngati chitseko chotseka. Adzipanikize kuwindo kuja, atulutse kansalu kake ndi ulusi, basi, Ajaji maso gwa pa iye, kuseka mpaka nkhama zonse panja. Munthu sanaimbe, sanavine, wangokhala. Ine mtima unkawira ngati ketulo.

Anawonjezanso mlandu wina. Ana athu sakanatha kuvala chovala cholowetsa kumutu, ndiye iye anawasokera timadiresi ta mabatani m'mapewa. Manesi chipatala chonse ankabwera kudzaona, ati amalume anzeru, amalume a manja a golide. Ine ndinawauza kuti ganizo limenelo ndinalilota ndine, iye anangosoka. Palibe anandimvera.

Tsiku lina mayi a mapasa anandiuza kuti tayesani kubwera mbali ino. Ndinawayankha kuti bambo sapempha kuyang'anidwa, mwana amamupeza bambo ake pamene akhala. Mawu amenewo ndinawanena mokweza kuti ndi Singano yemwe amve. Lero ndikawakumbukira ndimafuna kudzimeta mpala ndi botolo losweka.

Koma ndinali ndi kachinsinsi kanga. Ndinazindikira kuti ndikalowetsa dzanja m'bulangete n'kufinya kachala kakang'ono ka phazi la Ajaji, maso ake ankabwera mbali yanga, kumafunafuna. Kanthawi kochepa chabe, koma ankabwera. Ndinkachita zimenezi tsiku ndi tsiku mpaka anazolowera. Sindinauze munthu. Ndikanati chiyani, kuti mwana wanga ndimachita kumuitana ngati belu la pageti?

Kutatsala sabata ziwiri kuti awalekanitse, kunabwera dokotala wa maso. Mayi wamfupi, nsapato zake zikhoza kukwana m'thumba la malaya anga, koma madokotala akuluakulu amamupatsa njira. Anatifotokozera kuti kuona sikuthera m'diso, kumakathera mu ubongo chakunkhongo, ndipo mitsempha ya magazi ya anawa inapotana chakufupi ndi komweko. Choncho ankayenera kulemba bwinobwino mmene mwana aliyense akuonera mpeni usanadutse, kuti pambuyo pake adzadziwe ngati china chatayika. Ine ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Zoona zake n'zakuti ndinkaganiza za mmene tsitsi lake linkafunikira kulidula kumbuyoku.

Anali ndi tochi, makadi a mizeremizere yakuda ndi yoyera, ndi kampira kofiira kobayidwa pakamtengo. Kumbuyo kwake kunali ophunzira udokotala asanu, aliyense ndi kabuku. Lamulo lake linali limodzi, ndipo analinena kawiri: aliyense akhale chete, makiyi asalire, mwana asakhudzidwe. Anati khutu ndi khungu zimanamiza diso, mwana akhoza kutembenukira chinthu chimene sakuchiona n'komwe.

Wailesi anakhoza zonse, ngati bambo ake. Anatsatira tochi, anatsatira mizere, kampira anafuna kukadya. Ajaji naye mbali ya kuwindo anachita bwino. Koma dokotala atabweretsa kampira kuchokera kukhomo, mwana anangoti duu. Anabwereza, duu. Mayi uja anakwinya pachipumi. Kenako anati ana ena a msinkhu uwu amanyoza zidole koma sanyoza nkhope ya munthu wawo, tiyese ndi anthu.

Anayamba ndi Singano. Anamuuza kuti abweretse nkhope pang'onopang'ono kuchokera kuwindo. Asanafike n'komwe, maso a Ajaji anali atalumphira kale kumeneko. Dokotala anaseka, ati amalume awa ndiye okondedwa. Ophunzira aja anaseka nawo, wina mpaka analemba, kaya analemba chiyani.

Kenako anati tsopano bambo, bwerani kuchokera kukhomo. Ndinakonza kolala. Ndinabweretsa nkhope yanga, nkhope imene makasitomala amati imachiritsa mutu. Mwana duu. Anthu asanu ndi atatu akundiyang'ana, mkazi wanga, mlamu wanga, aliyense. Achemwali, ine sindinkaona kuti akuyesa maso. Ine ndinkaona kuti akuyesa chikondi, ndipo ndikulephera pagulu.

Dzanja langa linalowa m'bulangete. Ndinafinya kachala kaja. Maso anabwera.

Dokotala anati tibwerezenso. Ndinafinyanso. Katatu konse. Iye maso ake anali pa nkhope ya mwana, sanaone kanthu. Anapumira m'mwamba, n'kulemba kuti mwana akuona mbali zonse ziwiri. Ine ndinatembenukira ophunzira aja n'kuwauza kuti lembani zimenezo, magazi sanama. Tsiku limenelo ndinayenda m'chipatala ngati ndachigula.

Za opaleshoni ndidumphe, munamva. Anati inatenga maola khumi ndi asanu ndi atatu, koma ine ndinawerenga sabata zitatu. Chitseko chitatseguka kunatuluka bedi, kenako kunatulukanso bedi lina. Mayi a mapasa anagwada pansi pomwepo. Ine sindinalire, kungoti mankhwala amene amakolopera m'chipatala muja amaluma m'maso.

Tsiku lachisanu chichitikireni opaleshoni, ana atayamba kutsegula maso bwino, dokotala wa maso anabweranso ndi kampira kake. Wailesi, mutu uli m'mabandeji, anakhozanso. Ajaji kumanja anatsatira. Kumanzere, mbali imene kale inali ya kukhomo, duu. Mayi uja anandiitana, ati bambo, bwerani ngati tsiku lija. Koma tsiku limeneli kunalibe bulangete. Mapazi anali poyera, kachala kaja atakamangirira kawaya kowala koyezera mtima, nesi ataima pomwepo. Ndinabweretsa nkhope. Ndinabwereza katatu. Mwana maso ali kudenga.

Mayi uja anaitana dokotala wamkulu wa opaleshoni, bambo wamtali amene anaima maola onse aja. Anamuonetsa pepala, ati opaleshoni isanachitike ankaona mbali iyi, lero sakuona. Bambo uja anavula magalasi n'kukhala pansi. Ndinamuona munthu akukalamba pamaso panga. Anati mwina magazi aundana m'kati, akupanikiza chakunkhongo. Anati masana omwewo amugonetsenso mwana ndi mankhwala kuti amuunike m'makina, ndipo zikavuta atsegulenso mutu.

Mayi a mapasa anafunsa ngati zimenezo zilibe ngozi. Iye anati sangatinamize, mwanayu ndi wofooka, mtima wake unadzandira kamodzi pa opaleshoni ija, koma kudikira nakonso ndi ngozi. Anabweretsa pepala loti tisayine. Anati tiganize, abweranso likatha ola.

Ine ndinatuluka, ndati ndikamwe madzi. Singano anandipeza pampopi. Ananena motsitsa, osandiyang'ana, kuti mlamu, tsiku la kuyeza lija ndinaona bulangete likugwedezeka. Ndinati inali mphepo. Iye anati mawindo anali otseka. Anati nthawi imeneyo sanaganizire kanthu, ankayesa bambo akungosisita mwana wake, koma lero zamubwerera. Kenako anati iye sanena kwa aliyense pakadali pano, msoko umenewu mwasoka ndinu, muumasule nokha, koma ola likatha akalowa yekha kukanena. Anatsegula mpopi, anasamba m'manja, n'kumapita.

Ndinafuna kumuthyola pakati ngati machesi. Munthu wandilanda mwana, wandilanda manesi, ndiye pano akundiposanso ulemu.

Tsopano ndikuuzeni chinthu chimene sindinauze munthu. Ndinaima pampopi paja mphindi khumi ndikuganiza kuti bwanji ndimunyengerere Singano, tingowasiya amuunike. Makina sapeza kanthu, mwana adzuka, palibe adzadziwe. Ndinaganizadi zimenezo, achemwali, ine amene munandilera. Ndinaika nkhope yanga pasikelo mbali imodzi, mwana wanga mbali inayo, ndipo kwa mphindi khumi sikelo sinapendeke.

Nditabwerera ndinapeza nesi wamata kapepala pabedi la Ajaji, koti asayamwe, asapatsidwe kanthu, poti munthu wopita kukagonetsedwa amafunika m'mimba mopanda chakudya. Mwana uja salira chisawawa, nthawi zonse amasiyira mnzake. Koma apa ankalira kamawu kosasa, akuyamwa chibakera chake, mayi ake ataima pambali mkaka ukunyowetsa bulauzi, cholembera chili m'manja. Njala imeneyo ndinamupatsa ndine.

Ndinathamanga. Inde, ndi mimba yomweyi. Ndinamupeza dokotala wa maso m'kachipinda kake akudya nthochi, ndipo ndinamuuza zonse ndili chiimire. Sanakalipe. Anaika nthochi pansi, anafunsa chala chiti, kangati, kuyambira liti. Kenako anafunsa kuti mwanayu anayamba liti kusayang'ana mbali ya kukhomo. Ndinati chibadwire. Anafunsa chifukwa chimene sindinauze aliyense. Ndinati ndimayesa sandikonda.

Mayi uja anagwira mutu ndi manja awiri. Anati bambo inu, yankho munali nalo miyezi khumi ndi umodzi, munangolikhalira pampando. Anati mwana sankakukanani, mumakhala mbali imene kwa iye kulibe dziko. Singano sanamudyetse mankhwala, sanamunyengerere ndi timadiresi. Anangokhala woonda mokwanira kulowa kuwindo.

Anaitanizana onse, anatulutsa zithunzi zakale za m'mutu, anaziyang'ana nthawi yaitali. Anapeza kuti kachigawo kena chakunkhongo kanali kakang'ono kuyambira pachiyambi, kungoti kanabisala pakati pa mitsempha yopotana ija. Anamuyezanso mwana zina zonse, n'kuona kuti palibe chizindikiro choti magazi aundana. Dokotala wamtali uja anang'amba pepala losayina lija. Anamatula kapepala pabedi, Ajaji anayamwa mpaka kugona. Akuti mbali ya kumanzere mwina sadzaiona, koma adzaphunzira kutembenuza mutu, poti tsopano khosi ndi lake.

Dokotala wa maso anati nayenso analakwa posachotsa bulangete. Kuyambira tsiku limenelo akamayeza mwana, mapazi amakhala poyera, ndipo makolo amaika manja pamutu ngati agwidwa ndi apolisi. Ndiye mukamva kuti mlongo wanu wasintha kagwiridwe ka ntchito ka chipatala chachikulu, musadabwe, ndi zoona.

Ndikuseka, koma kuno sikukusekedwa. Mayi a mapasa anamva zonse pamaso pa madokotala. Sanakuwe, sanandiponyere kanthu. Anangondiyang'ana n'kunena kuti cholembera chinali kale m'manja mwanga, ndikanasayina. Basi. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chitatu asanandilankhule. Akafuna sopo amauza Singano kuti auzeni bambo awo abweretse sopo, ine ndili pomwepo, mawondo athu akugundana. Ndiye taganizani, munthu amene ndinkamuchitira nsanje chifukwa cha mwana, pano ndi amene akunyamula mawu a mkazi wanga. Amawanyamulanso mwaulemu, osawonjezera kanthu. Bola atamawonjezerako kamwano kuti ndipeze pomudera.

Pempho langa ndi ili. Muwaimbire mayi a mapasa. Inu amakumverani, amati m'banja mwathu wanzeru anabadwa mmodzi. Musanditeteze, mlanduwu ndi wanga ndipo ndauvomera. Mungowafunsa ngati pali khomo limene latsala lotsegula, ndipo ngati lilipo mundiuze kuti lili mbali iti, chifukwa mwaona nokha kuti mbali ndimasokoneza. Mundiphunzitsenso kupepesa. Ndayesa kanayi, koma ndikangotsegula pakamwa pamatuluka nthabwala, iwo n'kutembenukira kukhoma. Sindikufuna kuti ana awa alekanitsidwe mitu kenako makolo awo alekane nyumba.

Nkhani yabwino iliponso. Dzana dokotala wa maso anasendeza mabedi, anamuika Wailesi kumanja kwa Ajaji. Anayang'anana. Wailesi anatseka pakamwa kwa nthawi yoyamba chibadwire, ine ndinayesa batire latha. Kenako anatambasula dzanja n'kumukoka mnzake bandeji, manesi atatu kulumpha nthawi imodzi.

Inenso ndinasamuka. Mpando wa manja uja ndinamusiyira Singano, akungosowamo ngati ulusi m'chitini. Ine ndili pa kasitulu kumanja kwa Ajaji, mimba itapanikizidwa pakati pa mabedi awiriwo, kupuma ndimachita kupempha. Tsiku loyamba nditakhala pamenepo, manja ndili nawo pamutu kuti aliyense aone, Ajaji anandiyang'ana n'kumwetulira mpaka m'makutu, n'kundigwira ndevu, Singano osamupenya n'komwe. Manesi anaomba m'manja.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, muwadzutse kaye. Moni kwa ana, muwauze kuti amalume awo akadali katswiri wa lumo ndipo akabwera adzawameta mwaulere kupatula wamwano uja. Mulungu akusungeni, alimbitse bondo lanu, akupatseni mawu abwino mukamaimba foni ija. Musachedwe nayo.

Ndine mlongo wanu,
wometa amene ometa anzake amabwera kudzametetsa.

Ndatsegulanso envulopu. Za kumwetulira ndi ndevu zija ndanama, ndipo palibe nesi anaomba m'manja. Anandiyang'ana, inde, nthawi yaitali, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Kenako anakwinya kamwa n'kulira, mmene mwana amalirira akaona mlendo. Singano anadzuka kuti amutonthoze, ine ndinamuuza kuti akhale pansi, amusiye alire pang'ono. Ankalira chifukwa wandiona, achemwali. Mawa ndikakhalanso pomwepo.